Mmene mphunzitsi angasangalalire ndi ntchito yake

Lowezani mayina a ophunzira anu m'masabata awiri oyambirira. Jambulani papepala mmene amakhalira m'kalasi, lembani dzina pamalo a aliyense, ndipo muzimutchula dzina pomufunsa funso. Mwana amene satchulidwa amasiya kukweza dzanja.

Tsiku lililonse sankhani ana atatu, makamaka ofatsa okhala kumbuyo, mucheze nawo mphindi 5 nkhani zosakhudza phunziro.

Musamadzipatule. Pangananani ndi mphunzitsi mnzanu kuti kamodzi pamwezi muzionerana pophunzitsa, kenako muuzane chimodzi chomwe chayenda bwino ndi chimodzi chofunika kukonza. Zodzudzula zikachuluka, munthu amayamba kudziteteza ndipo samvanso.

Kuchonga makope kukhale ndi nthawi yake yoweruka, chifukwa kupita nawo kunyumba usiku uliwonse n'kumene kumafoola aphunzitsi ambiri.