Mmene mwana wa m'chigwa cha Shire angafikire pophunzira za nyenyezi ndi mapulaneti

Aliyense amene anagonapo pamphasa pabwalo ku Ngabu kapena ku Bangula, pothawa kutentha kwa m'nyumba m'mwezi wa Okutobala, amaidziwa Nthanda imene imawala kum'mawa atambala akamalira. Asayansi amati imeneyo si nyenyezi koma pulaneti yotchedwa Venus, ndipo kutentha kwake kumafika pa madigiri 460, pamene ife kuno timadandaula akangopitirira 40. Koma amene akufuna kuphunzira zimenezi ku yunivesite adziwiretu kuti ntchito yambiri imachitikira pa pepala ndi pa kompyuta, ndipo khomo lake ndi masamu.

Chisankho choyamba chimachitika mu Fomu 3. Tengani Physics ndi Chemistry, ndipo ngati pasukulu panu amaphunzitsa Additional Mathematics musaiope, chifukwa zimene mudzakumane nazo m'chaka choyamba ku yunivesite zimayambira mmenemo. Pa mayeso a MSCE pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, komabe m'maphunziro a sayansi kupambana bwino masamu ndi Physics ndiko kumakuikani patsogolo. Ngati sukulu yanu ilibe labotale, pemphani aphunzitsi akulumikizeni ndi sukulu yoyandikana nayo, kuti musadzaone zipangizo koyamba pa tsiku la mayeso.

Podzaza fomu ya NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, musataye nthawi kusakasaka mawu oti Astronomy, kutanthauza maphunziro a zakuthambo. Sankhani digiri ya sayansi imene mungatengemo Physics ndi masamu, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, ndipo mukasankhidwa mufunsire ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira nthawi yake isanathe.

Amene mtima wake uli pa mapulaneti ali ndi njira yachiwiri, ya maphunziro a miyala ndi nthaka, amene amapezeka ku Zomba komweko ndiponso ku yunivesite ya MUST m'boma la Thyolo. Apa mwana wa kuchigwa ali ndi mwayi umene sauzindikira. Madzi osefukira akaphwa, pitani pagombe pamene mtsinje wa Mwanza kapena Ruo wagumula, muone mmene dothi lasanjikizana: mchenga wokhakhala pamene madzi ankathamanga, matope osalala pamene anadekha, kenako mchenga wina wa chigumula chotsatira. Makina otchedwa Perseverance, amene anatera pa pulaneti ya Mars mu Febuluwale 2021, anawatumiza dala ku chigwa cha Jezero chifukwa kumeneko mtsinje wakalekale unasiya dothi lake polowa m'nyanja, ndipo asayansi amawerenga miyalayo mmene inu mungawerengere gombe la Ruo. Ngakhale potsika ku Thabwa mumakhala mukulowa m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika ndi kutitimira, ndipo ming'alu ya mtundu umenewu imapezekanso pa Mars ndi pa Venus.

Muli ku yunivesite, phunzirani kulemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka Python, ngakhale asanakuuzeni mkalasi. Ikaninso Stellarium, pulogalamu yaulere yosonyeza thambo, ndipo pa tchuthi muzisunga kope lolembamo tsiku, nthawi ndi malo amene mwaona mwezi kapena Jupiter. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ndiyo yabwino kuno, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zisanaphimbe thambo, ndipo mukatalikira magetsi a ku Nchalo mlalang'amba umaoneka bwino. Dzuwa lokha musaliyang'ane ndi maso kapena ndi galasi loonera patali, ngakhale pa kadamsana.

Maphunziro enieni a zakuthambo amabwera mukamaliza digiri yoyamba, ndipo kufupi kwathu ndi ku South Africa. Pulogalamu ya maphunziro a zakuthambo yotchedwa NASSP, imene inayamba mu 2003 ku University of Cape Town, imaphunzitsa Honours ndi Masters ndipo yakhala ikulandira ophunzira a m'maiko ena a mu Africa. Sukulu ya masamu yotchedwa AIMS, ku Muizenberg, imapereka Masters ya masamu ya chaka chimodzi yolipiridwa zonse. Dzikolo lili ndi telesikopu ya SALT ku Sutherland ndi ya MeerKAT ya mbale 64 zotola mafunde a wailesi ochokera kuthambo pafupi ndi Carnarvon, imene inatsegulidwa mu 2018, ndipo zimene zipangizozi zimatola n'zimene ophunzira amazisanthula pa kompyuta.

Musadikire tsiku lolandira digiri kuti muyambe kukonzekera. M'chaka chachitatu pezani pasipoti, ndipo posankha kafukufuku wa chaka chomaliza mupemphe mutu wofuna masamu ndi Python, kuti mudzakhale ndi choonetsa. Amene adzakulembereni makalata a umboni akhale aphunzitsi amene anaiona ntchitoyo ndi maso awo, ndipo muwapemphe kudakali miyezi iwiri, chifukwa mafomu amatsekedwa miyezi ingapo maphunziro asanayambe.