Momwe mungasumire munthu amene akukana kukubwezerani ndalama ku England

Ngati mukukhala ku England kapena Wales ndipo wina akukana kubweza ngongole, kapena mmisiri analandira ndalama koma ntchito sanagwire, mukhoza kukamusumira ku County Court, khothi lomva milandu yosakhala ya upandu, popanda loya. Milandu yotere imatsata malamulo a Civil Procedure Rules a 1998, amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Epulo 1999 potsatira lipoti la woweruza Lord Woolf. M'malamulowa wosuma amatchedwa claimant ndipo wosumiridwa ndi defendant. Mlandu wa ndalama zosapitirira £10,000 kawirikawiri umapita ku gawo la milandu ing'onoing'ono lotchedwa small claims track, ndipo ndilo tikunena pano. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ndondomeko zake ndi zina.

Choyamba, onani ngati nthawi sinakuthereni. Lamulo la Limitation Act 1980 limapereka zaka 6 pa mlandu wa ngongole kapena wa kuphwanya mgwirizano, ndi zaka 3 pa mlandu wa kuvulazidwa. Musataye mtima chifukwa choti simunalemberane kalata, pakuti mgwirizano wa pakamwa umamanga ndithu, bola muonetse kuti unalipo. Sitetimenti ya ku banki yoonetsa tsiku limene munatumiza ndalamazo, pamodzi ndi uthenga wa pa WhatsApp umene mnzanuyo analemba kuti adzabweza kumapeto kwa mwezi, ndi umboni wokwanira kuyambira nawo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha kwambiri, fufuzani ngati munthuyo ali ndi chobwezera. Khothi limagamula kokha. Silitenga ndalama m'thumba mwake n'kukupatsani. Munthu amene alibe ntchito, nyumba kapena katundu mukhoza kumupambana pa mlandu koma n'kubwerera chimanjamanja, mutatayanso ndalama zolipira ku khothi. Ngati ndi kampani, pitani pa kaundula wa Companies House, amene ndi waulere pa intaneti, muone dzina lake lenileni, adiresi yake yovomerezeka, komanso ngati sinatsekedwe. Dzina lolembedwa pa galimoto ya mmisiri kawirikawiri silikhala dzina la kampani yake mwalamulo, ndipo chigamulo chotuluka pa dzina lolakwika chimavuta kuchigwiritsa ntchito. Muthanso kulipira ndalama yochepa n'kufufuza m'kaundula wa zigamulo wosungidwa ndi Registry Trust. Mukapeza kuti munthuyo ali kale ndi zigamulo zingapo zimene sanalipire, ganizani mofatsa musanapitirire.

Kenako mulembereni kalata yomuchenjeza, imene kumeneko amati letter before claim. Fotokozani mwachidule zimene zinachitika, kuchuluka kwa ndalama zimene mukufuna ndi momwe mwaziwerengera, ndipo mumupatse masiku 14 oti ayankhe. Ngati ndinu wabizinesi amene mukulonjerera ngongole kwa munthu wamba, masiku ake ndi 30. Kalatayi musaidumphe, chifukwa woweruza amayang'ana ngati munayesa kuthetsa nkhaniyo kunja kwa khothi. Sungani kope lake ndi lisiti ya ku positi.

Masikuwo akatha kuli chete, yambitsani mlandu pa webusaiti ya boma ya GOV.UK kapena polemba fomu ya N1. Pa gawo la particulars of claim lembani nkhani yanu motsatira masiku, popanda mawu onyoza kapena madandaulo a m'banja osakhudza ndalamazo. Ndalama zolipira zimayambira pa £35 ngati mukufuna zosapitirira £300, n'kufika £455 pa mlandu wa pakati pa £5,000 ndi £10,000. Wofuna £2,000 amalipira £115. Amene amapeza zochepa akhoza kupempha kuchotseredwa kudzera pa fomu ya EX160. Muli ndi ufulu wopemphanso chiwongoladzanja cha 8 peresenti pa chaka pansi pa gawo 69 la County Courts Act 1984, ndipo pa £2,000 chimakwana £160 pa chaka, koma muyenera kuchitchula pa fomuyo. Kumapeto mumasaina statement of truth, kutsimikiza kuti zonse mwalembazo ndi zoona, ndipo wolemba bodza mwadala akhoza kulangidwa chifukwa chonyoza khothi.

Pa mlandu wa fomu ya pepala, wosumiridwa ali ndi masiku 14 oti ayankhe, amene amakhala 28 akatumiza acknowledgment of service yosonyeza kuti zikalata wazilandira. Akangokhala chete, pemphani chigamulo pa fomu ya N225 ndipo mlanduwo utha popanda kukaonekera pamaso pa woweruza. Akakana mlandu, nonse awiri mudzalemba fomu ya N180, ya mafunso othandiza khothi kukonzekera mlanduwo. Kuyambira pa 22 Meyi 2024, milandu yambiri ya ndalama zosapitirira £10,000 imayenera kudzera kaye kwa mkhalapakati wa Small Claims Mediation Service, amene amalankhula ndi mbali zonse pa foni kwa ola limodzi kwaulere. Simukakamizidwa kugwirizana, koma kujomba popanda chifukwa kukhoza kukupezetsani chilango. Ine ndimaona kuti kulandira £1,700 imene mwagwirizana mwezi uno kumaposa chigamulo cha £2,000 chimene mudzachithamangire chaka chathunthu.

Zokambirana zikalephereka, khothi lidzakutumizirani tsiku la mlandu, ndalama zina zolipirira tsikulo, ndi malangizo amene nthawi zambiri amati zikalata zanu zifike ku khothi ndi kwa mnzanuyo masiku 14 mlandu usanachitike. Mlanduwu amaumva ndi woweruza wotchedwa district judge, kawirikawiri m'chipinda chaching'ono, ndipo amafunsa yekha mafunso. Simufunika kutsimikizira nkhani yanu mosasiya chikayiko ngati pa mlandu wa upandu; chofunika n'chakuti woweruza aone kuti zanu ndi zimene zikumveka zoona kuposa za mnzanuyo. Mukapambana mumabwezeredwa zimene munalipira ku khothi, koma za loya ayi. Amene sanakhutire ali ndi masiku 21 opempha chilolezo chochita apilo, ndipo ayenera kuonetsa pamene woweruza analakwitsa.

Chigamulo chikatuluka, dzina la wangongole likhoza kulowa m'kaundula wa zigamulo uja kwa zaka 6 pokhapokha atalipira zonse mwezi umodzi usanathe, ndipo kuopa kudzakanidwa ngongole ya nyumba kumakakamiza ena kulipira msanga. Akapanda kutero, muyenera kubwereranso ku khothi ndi ndalama zina. Wolembedwa ntchito mumupemphere attachment of earnings kuti abwana ake azidula pa malipiro. Amene mukudziwa banki yake, third party debt order imatseka ndalama zimene zili mu akaunti pa tsikulo. Mwini nyumba amaikiridwa charging order pa nyumbayo, imene imaisandutsa chikole cha ngongoleyo. Ndipo warrant of control imatumiza olanda katundu kunyumba kwake. Ngati simukudziwa chimene ali nacho, khothi likhoza kumuitanitsa kuti akafotokoze za chuma chake atalumbira, ndipo alangizi a Citizens Advice amathandiza kwaulere kusankha njira yoyenera.