Kagwiritsidwe ka kachipangizo kopumira ka timipira titatu

Pepalali ndalimasulira kuno ku Mzuzu koma ndi la inu a ku Chipata, Lundazi ndi kwina konse ku Zambia, ndiye mukaona chifuwa pomwe kwanu mumalemba cifuwa musadabwe. Kachipangizoka madokotala amati incentive spirometer, amapatsa munthu amene wangochitidwa opaleshoni ya pamimba kapena pachifuwa.

Khalani tsonga, tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, ikani kapaipi mkamwa milomo itseke bwino. Kokani mpweya pang'onopang'ono timipira tikwere, gwirani mpweyawo masekondi 3 mpaka 5 kenako tulutsani. Chitani kakhumi pa ola lililonse mukakhala maso. Ndati KOKANI, osauzira ngati mukukoleza mbaula, ambiri amalakwitsa pamenepa nkumati kachipangizo nkakufa.

Pamene ndavutika pomasulira ndi pa mawu awiri, elastic recoil ndi intrapleural pressure. Elastic recoil, ganizani mphira yomangira katundu pa njinga, mukaikoka nkuisiya imabwerera yokha. Mapapo ali choncho, nthawi zonse amafuna kukhwinyata kulowa mkati pomwe nthiti zimafuna kutambasukira kunja. Pakati pa mapapo ndi nthiti pali tinembanemba tiwiri ndi timadzi tochepa, tomatirana ngati mbale ziwiri zonyowa, zija zimatsetsereka koma kuzilekanitsa nkovuta. Kukokerana kumeneku nkumene kumachititsa presha ya pamenepo, intrapleural pressure, kukhala yotsika kuposa ya mpweya wapanja, pafupifupi -5 cmH2O (muyeso wa presha) mukangokhala nkutsika kufika cha pa -8 mukakoka mpweya. Ndiye mapapo safufuma okha ayi, chifuwa chikatambasuka chimachita kuwakoka, chikaleka mphira ija imawabweza mpweya nkutuluka.

Pepala loyambirira silinena izi koma mukamapuma mwapamwambamwamba poopa bala, timatumba ta mpweya ta kumunsi kwa mapapo timafota, makhololo nkumakhazikika, kenako chibayo. Tengani pilo mupanikize pabalapo pokoka mpweya komanso potsokomola, ululu umachepa ndithu. Musapikisane ndi wa pabedi loyandikana kukweza timipira tonse titatu mwankhanza, kampira kamodzi kapena tiwiri tokhala m'mwamba nthawi yaitali ndi bwino kuposa titatu tongodumpha. Chizungulire chikayamba pumulani kaye.

Koma mukamva kulasa mwadzidzidzi mbali imodzi ya chifuwa ndi kubanika, siyani pompo muitane anamwino. Mwina mpweya walowa pakati pa tinembanemba tija, mbale zalekana, ndipo phapo la mbali imeneyo likhoza kufota lonse.