Momwe wopanga masola angagwirire ntchito ndi makampani ena pogulitsa zipangizo zolipiridwa pa foni

Kampani yopanga masola imene ikufuna kuti anthu azigula katundu wake polipira pang'onopang'ono pa foni singathe kuchita zimenezi payokha, ngakhale fakitale yake itakula chotani. Chitsanzo chodziwika ndi M-KOPA ya ku Kenya, imene inayamba kugulitsa masola a m'nyumba mu 2012. Zipangizo zake zoyamba inapanga mogwirizana ndi kampani ya d.light, m'kati mwake munali SIM khadi, ndipo ndalama zinkadzera pa M-Pesa, njira imene Safaricom inakhazikitsa mu 2007. Wogula akalipira magetsi ankayaka, ndipo akalephera kulipira chipangizo chinkazima chokha kufikira atalipiranso. Makampani atatu ankatumikira munthu mmodzi, choncho wotsata njira imeneyi ayenera kukonza mapangano ake mosamala monga momwe amakonzera katunduyo.

Choyamba n'kusankha njira imene chipangizo chidzadziwire kuti mwini wake walipira, ndipo zimenezi ziganiziridwe fakitale isanayambe kupanga. Njira ina ndi yoika SIM khadi m'kati, kuti chipangizo chizilankhula chokha ndi makompyuta a kampani. Ubwino wake ndi wakuti wopanga amaona thanzi la batire ali kutali, koma mtengo umakwera, komanso zonse zimaima kumene netiweki ikuvuta. Njira ina ndi ya manambala amene wogula amalandira pa uthenga wa foni n'kuwalemba pa chipangizo, monga timachitira ndi mayunitsi a ESCOM. M'midzi imene munthu amachita kukwera pachitunda kuti aimbe foni, njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru. Wopanga sayenera kulemba yekha mapulogalamu onse, chifukwa alipo makampani monga Angaza amene ntchito yawo n'kupereka manambalawa ndi kusunga kaundula wa ngongole za ogula.

Kenako pafunika kumvana ndi makampani otumiza ndalama pa foni. Kuno ku Malawi amenewa ndi Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba ya mu 2013, ndipo n'kulakwa kusankha imodzi yokha poti ogula ali mbali zonse ziwiri. Makompyuta a mbali zonse alumikizidwe kuti ndalama zikangolowa manambala azituluka nthawi yomweyo. Pangano linene momveka bwino amene adzayankhe munthu wolakwitsa nambala ya akaunti, kapena amene ndalama zake zadulidwa koma uthenga sunafike, chifukwa wogula wotumizidwa uku ndi uku usiku wa mdima amasiya kulipira mwezi wotsatira.

Nkhani yovuta kuposa zonse ndi ya ngongole. Wopanga nthawi zambiri amafuna ndalama zake katundu asanakwere sitima, pamene wogulitsa wa m'dziko muno, pamodzi ndi maejenti ake oyenda m'midzi, amatolera ndalamazo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Katundu amagulidwa ndi madola koma amalipiridwa ndi makwacha, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense wochita malonda otere anaona kuti ndalama zimene akutolera sizingabwezeretse katundu amene anagulitsa. Pa chifukwa chimenechi mbali zonse zigwirizane pasadakhale za amene adzasenze chiphinjo choterocho, kaya pogawana, kaya polola wogulitsa kubweza mochedwerapo, kaya poitana banki kuti ibwereke makwacha. Malipiro a maejenti nawonso asadalire kuchuluka kwa zimene agulitsa kokha. Gawo lina lizibwera wogula akamalipira mokhulupirika, apo ayi adzapereka masola kwa anthu amene sangakwanitse. Za kukonza zowonongeka zilembedwenso: wopanga atumize mabatire ndi zida zina zosinthira pamodzi ndi katundu woyamba, ndipo aphunzitse amisiri a wogulitsayo.

Chipangizo cholumikizidwa chimasonkhanitsa zambiri za mwini wake, monga dzina, kumene amakhala, masiku amene amalipira ndi amene amalephera. Kampani iliyonse mu mgwirizanowu imafuna kaundula ameneyu chifukwa ndiye amasonyeza munthu woyenera kumubwereka foni kapena wailesi ya kanema mtsogolo, ndipo apa mpamene maubwenzi ambiri amathera. Pangano litchule mwini kaundulayo, amene angamuone, ndi zimene zidzachitike mgwirizano ukatha. Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi zotere, ndipo wogula ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chimene amamva kuti avomereze akudziwa. Chipangizo chokhala ndi SIM khadi chimafunikanso chilolezo cha MACRA chisanagulitsidwe, pamene Malawi Bureau of Standards imayang'ana ngati katunduyo ndi wovomerezeka.

Wopanga aganizirenso zakuti chipangizo chikhoza kukhalitsa kuposa anzake amene akugwira nawo ntchito. Kampani ya mafoni ya AT&T itazimitsa netiweki yake ya 3G ku America mu February 2022, magalimoto ambiri abwinobwino anataya njira yoitanira thandizo pangozi. Choncho musanasankhe SIM khadi yodalira 2G, funsani kampani ya foni kuti netiwekiyo idzakhalapo mpaka liti, ndipo yankho lilembedwe. Pakhalenso nambala yotsegula chipangizo kwamuyaya munthu akamaliza kulipira, ndipo njira yopangira manambalawo isungidwe kwa mbali ina yodalirika, kapena mugwiritse ntchito njira yotseguka kwa onse monga OpenPAYGO Token, kuti wogulitsa akagwa wina athe kupitiriza kutumikira ogula ake.