Momwe mungamvere mawu a baseball onena za kutsogola kwa timu

Amene tinakulira pa mpira wamiyendo timazidziwa bwino zigoli zathu: chotsegulira, chobweza, chopambanira. Chigoli timachipatsa dzina chikalowa. Ku baseball ya ku America amachita zosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri oyamba kuonera amasokonekera. Woulutsa masewero amatchula chigoli chisanagoletsedwe. Munthu wangoima pa base (amodzi mwa malo amene wosewera amaponda pozungulira bwalo), zovala zili mbuu ndi fumbi, sanachite kalikonse, koma akumutchula kale kuti ndiye chigoli chotsogolera. Mukagwira mfundo imeneyi, mawu enawo savuta.

Poyamba, dziwani chimene akuwerenga

Chigoli cha baseball amachitcha run. Chimawerengedwa wosewera akazungulira first base, second base ndi third base n'kubwerera kudzaponda home plate, pomwe anayambira, ndiko kwawo. Masewero amakhala ndi ndime 9, zomwe amazitcha ma inning. Ndime iliyonse alendo ndiwo amayamba kumenya, ndipo theka lawolo ndi top. Anthu awo atatu akatulutsidwa, eni bwalo amalowa, ndiye bottom. Musaiwale kuti omaliza kumenya ndi eni bwalo, tikufuna zimenezi kutsogoloku.

Chachiwiri, werengani anthu kuchokera kwa amene ali pafupi ndi kwawo

Yang'anani kabokosi ka zigoli pakona ya TV. Pamakhala timabokosi titatu toimira ma base, ndipo kamene kayaka ndiye kuti pali munthu. Tsopano tengani kusiyana kwa zigoli, muyambe kuwerenga othamanga: wa pa third, kenako wa pa second, wa pa first, kenako amene wagwira chibonga, pomaliza amene akudikira kumenya pambuyo pake, yemwe amati ali on deck.

Tiyerekeze kuti timu yomwe ikumenya ili kumbuyo 5-3, ndipo ili ndi anthu pa third ndi pa first. Wa pa third akafika kwawo zikhala 5-4, ameneyo alibe dzina lapadera. Wa pa first akafika zikhala 5-5, choncho iyeyo ndi tying run, chigoli chobweza. Wachitatu pamzerewu ndi womenya uja, amene angachititse 6-5. Ameneyo ndiye go-ahead run, chigoli chotsogolera. Mukamva woulutsa akuti "go-ahead run at the plate", sakunena kuti wina wagoletsa, akukuuzani kuti amene waima ndi chibongayo akazungulira, timu yake itsogola.

Dzinali limayenda ndi munthu. Womenya uja akafika pa second base, amati chigoli chotsogolera chili mu scoring position, kutanthauza pa second kapena third, pomwe kumenya kumodzi kwabwino kumakwanira kumufikitsa kwawo. Akatulutsidwa, dzina limagwera wotsatira. Zigoli zikakhala zofanana palibe chowerenga: aliyense amene ali patsogolo pa anzake ndiye go-ahead run.

Mawu omwewa amamatidwanso pa kamenyedwe. Go-ahead single, go-ahead double, go-ahead home run, zonsezi zikungonena mtundu wa kumenya komwe kwatsogoza timu: single imafikitsa womenya pa first, double pa second, home run imamuzungulitsa ma base onse mpaka kwawo.

Chachitatu, onani kuti ndi ndime iti, theka liti

Apa ndi pokoma. Eni bwalo akatsogola mu bottom ya ndime ya 9 kapena ndime zowonjezera, alendo alibenso mpata wobweza, masewero amathera pomwepo. Ndiye wothamanga uja sakhalanso go-ahead run, amakhala winning run, ndipo kumenya komwe kwamufikitsa kwawo ndi walk-off.

Timu ya Los Angeles Dodgers inaonetsa mbali zonse ziwiri zaka zotsatizana. Mu masewero oyamba a World Series ya 2024, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha baseball ya ku America, ali pakwawo, anali kumbuyo 3-2 kwa New York Yankees mu ndime ya 10, anthu awiri atatuluka kale, ma base onse atatu ali ndi anthu. Freddie Freeman anaumenya mpira n'kugwera kwa ochemerera, zinathera pomwepo 6-3. Imeneyo inali walk-off grand slam (home run yomenyedwa ma base onse ali ndi anthu) yoyamba m'mbiri ya World Series. Chaka cha 2025, mu masewero a nambala 7 a World Series, Dodgers anali alendo kwa Toronto Blue Jays. Miguel Rojas anabweza mu ndime ya 9 kukhala 4-4, kenako Will Smith anamenya home run mu ndime ya 11 kukhala 5-4. Chigoli cha Smith ndi chimene chinawapatsa chikho, komabe sichinali walk-off. Chinali go-ahead home run basi, chifukwa Blue Jays anali adakali ndi theka lawo, ndipo woponya mpira wa Dodgers, Yoshinobu Yamamoto, anayenera kutulutsa anthu atatu kaye. Mlendo sangamenye walk-off.

Pali kalamulo kena kobisika mu 6-3 ya Freeman ija. Akanamenya single yokha, masewero akanatha wothamanga wachiwiri atangoponda home plate, zigoli n'kulembedwa 4-3. Mpira ukatuluka m'bwalo ngati home run ndi pokhapo pamene onse amaloledwa kumaliza ulendo n'kuwerengedwa.

Mawu akuti walk-off anayambitsa ndi woponya, Dennis Eckersley wa Oakland Athletics, ndipo iye ankanena za woponya wogonja akutuluka m'bwalo mutu uli pansi. Mu World Series ya 1988 zinamugwera yekha: Kirk Gibson wa Dodgers, akutsimphina ndi miyendo yovulala, anamumenyera home run ndipo Dodgers anapambana 5-4. Ku Japan chinthu chomwechi amachitcha sayonara, mawu otsanzikira, amene kwa ine amamveka bwino kuposa a ku America.

Chachinayi, timu ikatsogola kale

Chigoli chowonjezera pamwamba pa kutsogola pang'ono, makamaka ndime zakumapeto, ndi insurance run. Ndi inshulansi ndithu, kuti adani akagoletsa chimodzi musagwe nacho.

Chomaliza, ulemu ukupita kwa yani

Wothamanga amalembedwa run, womenya amene wamufikitsa kwawo amalembedwa RBI (run batted in, chigoli chobwera chifukwa cha kumenya kwake). Koma chigoli chotsogolera chimakhudzanso oponya, omwe sanathamange n'komwe. Timu ikatsogola n'kusabwezeredwanso mpaka kumapeto, woponya wake wa nthawi imeneyo ndi amene kawirikawiri amalembedwa kuti wapambana, bola ngati ndi amene anayamba masewero akhale ataponya ndime zosachepera 5. Woponya amene analola wothamanga uja kufika pa base ndiye amasenza kugonja, ngakhale atakhala kuti anasinthidwa kale n'kulowa wina.

Kuyambira 1980 mpaka 1988 ligi yaikulu ya baseball ku America, MLB, inkawerenganso game-winning RBI, ya womenya amene watsogoza timu komaliza, ndipo Keith Hernandez ndi amene anasonkhanitsa zambiri. Anaisiya, ndipo sindiwadandaula. Timu ikapambana 10-0, ulemu wonse unkapita kwa amene anagoletsa choyamba mu ndime yoyamba, anthu ena akufunafunabe mipando.

Mukafuna kuyeserera, tsitsani mawu a TV mu ndime ya 7, muwerenge nokha anthu pa ma base, kenako mukweze mumve ngati woulutsa akugwirizana nanu. Masewero amene amayamba 8 koloko madzulo ku New York m'mwezi wa Okutobala amapezeka 2 koloko usiku ku Lilongwe ndi ku Lusaka, ndiye ndime ya 7 muziiyembekezera cha m'ma 4 koloko m'bandakucha.