Momwe Mungaonetsere Ana Asukulu Kuti Haidrojeni Imatulutsa Magetsi, Pogwiritsa Ntchito Chidulo

Chidulo chomwe amayi athu ku Angónia amathira mu therere chingathe kuphunzitsa sayansi imene akatswiri akulimbana nayo m'malabotale akuluakulu. Madzi a phulusa ndi alikali, kutanthauza chotsutsana ndi asidi, ndipo m'madzi otere ndi m'mene ofufuza akufuna kuti haidrojeni izipereka magetsi popanda kuwononga platinamu wambiri, chitsulo chodula chomwe chimakumbidwa kwambiri ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Aphunzitsi a ku Ulongwe, Domwe kapena Tsangano mutha kuyesa izi m'kalasi ndi zinthu zapakhomo.

Choyamba, konzani madzi. Tenthani zitsononkho kapena makoko a mtedza, sefani phulusa lake monga amachitira agogo, madziwo akhale oterera mukawagwira ndi zala. Mukakhala ndi soda wopangira sopo, supuni yaing'ono imodzi mu kapu ya madzi imagwira bwino koposa, koma valani magolovesi ndipo mwana asayandikize nkhope, chifukwa soda ameneyu amawotcha khungu ndi maso. Thirani m'botolo lagalasi kapena lapulasitiki. Poto wa aluminiyamu ayi, soda amamudya. Mchere wa m'ndiwo musaugwiritse ntchito, umatulutsa mpweya wa klorini womwe ndi poizoni.

Kenako pezani timitengo tiwiri takuda ta kaboni kuchokera m'mabatire akale a tochi, aja kuno timawatcha mapilya. Titsukeni, kenako mangani waya kumutu kwa kalikonse, n'kutiviika m'madzi aja osakhudzana. Lumikizani ku batire ya 9V. Posakhalitsa thovu liyamba. Kumbali ya minus kumatuluka haidrojeni, ndipo thovu lake limachuluka kuposa la mbali inayo kumene kumatuluka okosijeni, pakuti m'madzi muli haidrojeni muyeso uwiri pa muyeso umodzi wa okosijeni. Tsegulani mawindo ndipo pasakhale moto pafupi. Haidrojeni ikangofika 4 peresenti mu mpweya imatha kuyaka ikakumana ndi moto.

Pakatha mphindi zisanu chotsani batire, mulumikize mawaya aja ku mita yoyezera magetsi, yomwe amakaniko a wailesi amakhala nayo. Apa ndi pamene ana amakhala chete. Batire palibe, koma mita ikuwerenga. Gawo lina la mphamvuyo likuchokera ku haidrojeni yotsalira pa kaboni, imene ikukumana ndi alikali n'kusanduka madzi, ikusiya ma elekitironi, tinthu tonyamula magetsi, kuti ayende mu waya. Pa mawerengedwe, haidrojeni ndi okosijeni zimapereka 1.23V. Wasayansi wa ku Britain William Grove anaona mu 1839 kuti mipweya iwiriyi imatulutsa magetsi. Lembani pabolodi nambala ya pa mita masekondi khumi alionse, muone momwe ikutsikira.

Tsopano bwerezani, koma kulungani timitengoto ndi sitiliwulu wotsukira mapoto. Thovu lidzamatirira malo ambiri, ndipo ana ayerekeze manambala atsopano ndi akale. Musawauze yankho msanga. Afunseni chifukwa chake nkhuni zowaza zimayaka msanga kuposa chipika, kapena chifukwa chake shuga wosalala amasungunuka msanga mu tiyi. Ntchito imachitika pamwamba pa chinthu, ndiye mukachiphwanya tizidutswa, malo ogwirirapo ntchito amachuluka. Ofufuza amaphwanya chitsulo mpaka tizidutswa ta ma nanomita awiri kufika asanu, n'kutimwaza pa ufa wa kaboni. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000.

Kuchepa kokha sikukwanira, ndipo apa mpofunika kuchedwapo ndi ophunzira a makalasi apamwamba. Platinamu amathandiza haidrojeni kutaya ma elekitironi mofulumira kwambiri m'madzi a asidi, koma mu alikali liwiro lake limatsika pafupifupi ka 100. Chitsulo chabwino chiyenera kugwira haidrojeni monga munthu agwirira dzira: mukafinya lisweka, mukalekerera ligwa. Chikagwira mwamphamvu, haidrojeni imakakamira n'kutseka malo; chikagwira mofooka, imathawa isanagwire ntchito. Nchifukwa chake ofufuza amasakaniza platinamu ndi chitsulo china chotchedwa rutheniyamu, kuti kagwiridwe kasinthe komanso kuti pakhale malo okokera pafupi OH wa m'madzi, kagawo ka alikali kamene kamakumana ndi haidrojeni n'kupanga madzi. Ena asiyiratu platinamu n'kutenga nikelo, wotsika mtengo amene sadyeka msanga mu alikali. Vuto la nikelo ndi lakuti pamwamba pake pamachita dzimbiri la okosaidi n'kuleka kugwira ntchito, choncho amamuphatikiza ndi chitsulo cha molibidenamu kapena kumukuta ndi kaboni wopyapyala. Nikelo si mlendo pa ntchitoyi: Francis Bacon wa ku England anaonetsa makina a 5 kW otulutsa magetsi kuchokera ku haidrojeni mu alikali pogwiritsa ntchito nikelo mu 1959, ndipo luso lake linapereka magetsi m'zombo za Apollo zopita kumwezi.

Mwana wina adzafunsa kuti haidrojeni yambiri ingachokere kuti. Mukumbutseni za Songo, kumene damu la Cahora Bassa limatha kupanga 2,075 MW. Magetsi otere ndiwo angagawe madzi monga batire yanu yachitira m'botolo. Mukamaliza, thirani madzi ambiri mu soda wotsalayo musanamutaye, kutali ndi dimba ndi chitsime, ndipo timitengo ta kaboni muumitse tidikire kalasi yotsatira.