Kompyuta imawerenga mchira wa dzina la fayilo

Alembi a m'masukulu ndi a m'magulu a alimi kuno ku Salima, komanso inu otayipa makalata pa boma, mumadandaula kawirikawiri kuti mwadina kawiri koma fayilo ikukana. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala ili bwinobwino.

Mukadina kawiri, Windows siyang'ana zomwe zalembedwa mkatimo. Imawerenga timalemba ta kumapeto kwa dzina, pambuyo pa kadontho: .docx, .xlsx, .pdf, .jpg. Tingoti mchira. Kenako imafufuza m'kaundula wake wotchedwa Registry kuti mchira umenewu ndi wa pulogalamu iti, n'kuidzutsa pulogalamuyo ndi kuiuza pomwe fayilo ili. Basi. N'chifukwa chake kusintha .pdf kukhala .docx sikusandutsa fayilo kukhala ya Word. Mwangomata chizindikiro cha mpunga pa thumba la chimanga, ndipo Word ikana.

Tsoka lake, Windows imabisa michirayi. Iwonetseni lero lomwe: tsegulani File Explorer, pomwe mumaonera mafoda ndi mafayilo, pitani pa View, chongani File name extensions. Pa Windows 11 mudutsa kaye pa Show. Izi si zachabe. Fulashi yoyenda m'malo osindikizira imabwera ndi mafayilo onga "malipiro.pdf.exe", ndipo mchira ukabisika mumangoona "malipiro.pdf". Mchira weniweni ndi womalizawo, .exe, kutanthauza pulogalamu. Mukadina, mwaitana vairasi nokha. Chimodzimodzi foda ya pa fulashi yokhala ndi kamuvi pakona: imeneyo si foda yeniyeni, ndi shortcut, osaikhudza.

Fayilo ikamatseguka ndi pulogalamu yolakwika, monga PDF kupita ku Edge pomwe inu mukufuna Adobe Reader, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Open with, kenako Choose another app. Sankhani pulogalamu yanu ndi kuchonga kapena kudina mawu oyamba ndi Always. Mukaiwala kuchonga, mawa ibwerera komwe kuja.

Makompyuta akale amene akadali ndi Office 2003 satsegula .docx paokha, chifukwa mtundu umenewu unabwera ndi Office 2007. Pemphani wotumizayo asunge ngati .doc.

Palinso vuto la chala. Windows imayembekezera kudina kwachiwiri pasanathe theka la sekondi. Mukachedwa, dzina la fayilo limasanduka la buluu, kudikira kuti mulisinthe, ndipo apa ndi pomwe ena amafufutira mchira mosadziwa. Dinani Esc msanga. Kwa amene akuphunzira kumene, chepetsani liwiro pa Control Panel, pa Mouse, pamene palembedwa Double-click speed, kapena dinani kamodzi n'kumenya Enter.